W wa Chipewa

Kompyuta ndi imodzi m'nyumba muno,
imakhala pa tebulo la makina osokera amene anafa kalekale,
koma zitseko zake n'zinayi:
changa, cha Chanazi, cha mlamu Zuze,
ndi cha bambo, chomwe palibe wachigogoda
chiwaikireni m'manda chaka cha madzi osefukira chija.

Lachiwiri magetsi anabwera usiku,
Bangula yense akuwira,
malata akulavulabe moto wa masana.
Ndinali ndi lipoti la kalabu yathu ya thonje:
mayina, makilo, ngongole za mankhwala a mbozi.
Ndinalemba mawu anga achinsinsi. Yakana.
Ndinabwereza ndi chala chimodzi
ngati nkhuku yotola mapira. Yakananso.

Mawuwo si ovuta, lekani ndiulule:
Mang'anja.
Ndi mtundu wanga, ndingaulakwitse bwanji?

Chanazi anadzuka pa mphasa, akupukusa mutu,
nkudina kadiso kovundukula zobisika.
Taonani, amayi.
Pakati pa g ndi a, pomwe ndimaika kampumiro kolendewera,
panali kamphete kakang'ono, m'mwamba,
konga kaja amalemba akamanena za kutentha kwa ku Ngabu.
Mtundu wanga unali utagwidwa malungo.

Ndi Zuze ameneyo.
Masana analembera ogula nyemba a ku Morrumbala,
ndipo kalata zake zimafuna c wa mchira,
a wosenza kanjoka pamutu.
Anatembenuza kiyibodi kuti iziyankhula Chipwitikizi,
anatuluka, nkusiya lilime lake pakhomo la tonse
ngati nsapato zamatope.

Mabatani ndi omwewo, akuda, ofufutika pa a ndi n,
fumbi la msewu wa ku Nsanje lili m'mipata,
koma pansi pake mtsinje wasintha njira
monga achitira Ruo akakwiya:
ukaponda pomwe unkadziwa kuti ndi pouma, wamira.

Mwanayo anandilozera pakona ya kumunsi,
tizilembo titatu tomwe sindinatiyang'anepo chigulireni.
Apa ndi pomwe imanena chiyankhulo chomwe yavala.
Aliyense asankhe chake m'chipinda chake,
cha pakhomo tichikhomere chimodzi.
Anadina kawiri. Chitseko changa chinatseguka.

M'mawa Zuze anakana, kenako anaseka,
nati iyenso ç wake amasowa Chanazi akachoka pa homuweki.
Tinalemba lamulo kuseri kwa pepala la shuga,
nkulimata ndi phala pambali pa sikirini:
Wotuluka abweze lilime pomwe analipeza.

Zikanathera pomwepo.
Koma mwanayo, poti wayamba kusesa,
anati akaunti ya agogo ikungodya malo,
tiifufute.

Bambo anaphunzitsa Chichewa zaka makumi atatu.
Anakwera basi mpaka ku Blantyre
kukafuna mnyamata woti awaikire chilembo chimodzi chokha,
ŵ,
poti ankati w wopanda chipewa
ndi munthu woyenda pa dzuwa la kuno mutu uli pamtunda.
Ife tinaleka kalekale kumuveka,
timalemba Malawi, mawa, msewu, osaona kusowa kanthu.
M'chipinda chawo chokha ndi momwe akadali ndi chipewa chake,
kuseri kwa mawu achinsinsi omwe sanauze munthu.
Ndayesapo dzina la amayi, la ng'ombe yawo yoyamba,
tsiku lomwe ndinabadwa.
Mwina mawuwo ali ndi chilembo chomwecho,
ndipo ife tikugogoda ndi kiyibodi yosachidziwa.

Ndinati, usafufute.
Ndiikire chilembocho kwanga, ngati ungathe.
Anavutika nacho mpaka magetsi anathima,
anapitiriza mawa lake.

Tsopano ndili nacho, pansi pa zala zitatu.
Mu lipoti la thonje mulibe pochifuna,
komabe pamwamba pa tsamba, pafupi ndi deti,
ndimalemba Malaŵi,
nkukhala kaye phee, fani ikuzungulira,
ndisanayambe kuwerengera anthu ngongole zawo.