Lavenda pa Pilo

Usiku wachinayi mu wodi ya odwala mtima.
Tulo ndinatisiya pansi, polembetsa mayina,
pamodzi ndi lamba, nsapato
ndi kiyi wa kachipinda kanga ka ku Yeoville.
Pachifuwa andimata timawaya tisanu.
Kamakina kapamutu kakuwerenga mtima wanga
ngati kapitawo wosakhulupirira wantchito:
pi, pi, pi,
kenako kadukiza,
ndipo pamene kadukizapo ndimaona bokosi
atalimanga pa ngolo ya basi, likuwoloka pa Mwanza,
abale akusonkherana ndalama pa foni.

Pazenera, nsanja ya Hillbrow ili ngwee.
Ambulansi ikulira kwinakwake kumunsi.
Joni mwini wake sagona,
nanga mlendo ndingayambe bwanji?
Pa bedi linalo a Maluleke akutembenuka,
akukangana ndi bulangete m'chinenero chawo.

Cha m'ma leveni Sisitala Dikeledi afika
ndi kabotolo kochepa ngati chala chakuniche.
Madontho awiri pa thonje,
thonjelo alibaya ndi pini pakona ya pilo.
"Mapilisi mwamwa, amenewo ndi a dokotala.
Aka n'kongothandizira.
Pumani pang'onopang'ono, Malawi."
Kuno tonse dzina lathu ndi limenelo,
Zakeyu anatsala pa pasipoti.

Ndikoka mpweya.
Ndiseka mpaka kamakina kadandaula.
Lavenda!
Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikumudula ameneyu
ku Northcliff, kuseri kwa mpanda wamagetsi.
Adona ankati duwali limagonetsa.
Ine linkandidzutsa folo koloko,
chisanu cha Juni chikuluma makutu,
matakisi awiri, mzere wautali pa Bree.
Fungo lake linkakakamira m'zikhadabo,
sopo wa mtanda ankalephera,
ngakhale ndalama zotumiza kwa Nasibeko
zinkachoka m'manja mwanga zikununkhira munda wa eni.

Ndikufuna ndiwauze Sisitala kuti mwasokoneza botolo.
Mukanandibweretsera mpungabwi,
uja tinkathyola kudambo n'kupirikitsira udzudzu,
kapena fumbi la Novembala
mvula yoyamba itangolilasa.
Koma Chizulu changa n'chogulira buledi ndi tikiti,
pa zinthu zoterezi sichifikapo.

Ndiye ndingopuma.
Kamodzi.
Kawiri.

N'koyamba kulinunkhiza msana uli wowongoka,
manja ali chabe, opanda sizasi,
kumbuyo kulibe wondiyang'anira pa wotchi.
Kani linali chonchi nthawi yonseyi?
Pansi pa fungoli pali njuchi,
zija zinkanditera pamkono osandiluma.
Pali dothi lonyowa la m'mamawa,
agalu asanadzuke, wailesi ya m'khitchini isanayambe.
Pali chitsamba chija cha pakona,
chimene ndinabzala ndekha kuchokera ku kanthambi kothyoka,
popanda wondituma.

Sindikunena kuti mtima wachira, ayi.
Mawa adzalowetsabe kachubu mu mtsempha wapadzanja
kukafufuza pamene njira yatsekeka.
Pepala ndasaina kale, dzanja likunjenjemera.
Mantha alipo.
Kungoti atsika pachifuwa,
akhala pa mpando wa alendo,
avula nsapato,
ayamba kusinza iwo ine ndisanayambe.
Pi, pi, pi.
Kapitawo werenga, ndi ntchito yako.
Ine ndaweruka.

Wondidzutsa ndi mayi wa tiyi, akugunditsa makapu.
Kunja kwayera, matakisi ayamba kale kukuwa.
Sisitala akulemba pa khadi, akundionetsa zala zisanu:
maola asanu, osatembenuka.
A Maluleke, maso ali psuu, akuloza pilo wanga,
akuti mkonono wanga unaposa jenereta,
usiku uno thonjelo likhale lawo.

Ndimasula pini, ndiwapatsira.

Ndikatuluka muno ndi miyendo yanga,
ndikathyola kanthambi kamodzi pakona paja,
osapempha,
ndikakabzale m'chitini cha penti
pazenera la ku Yeoville.