Mphindi Zitatu

Folo koloko m'bandakucha ndili kale pa kabaza ya Lufeyo,
kuchokera ku Kawale, chisanu cha Juni chikuluma makutu,
laputopu ya kuntchito nditaibereka m'chitenje ngati khanda.
Pa mlatho wa Lilongwe nkhungu ikufuka m'madzi,
amayi a tomato atsogola, madengu pamutu,
sakudziwa kuti ine ndikukapanikiza dziko lonse
m'mphindi zitatu.

Ntchito yanga ndi yosesa.
Ena amasesa maofesi a ku Kapitolo,
ine ndimasesa zimene eni maofesiwo analankhula dzulo
n'kuziika milu inayi ngati wogulitsa bonya:
ndale, malonda, zamakono, za atolankhani anzathu.
Basela palibe.

A Msampha, mkonzi wathu, amafika ndi tiyi wa m'botolo,
cholembera chofiira atachipana kukhutu.
"Dula," amatero asanakhale n'pansi pomwe.
"Dulanso."
Phungu wina anabwebweta maola awiri m'Nyumba ya Malamulo,
ndamusiyira mawu asanu ndi awiri
ndipo palibe chimene chatayika.
Kwacha yaterereka, mzere umodzi.
Mafuta ali m'njira, afika pachipata, akubwera ndithu:
umenewu sindiulembanso,
ndimangotapa wa sabata yatha n'kusintha tsiku.
Kampani ya mafoni yalonjeza netiweki ya liwiro la mphenzi.
Nkhaniyi ndaitsitsa nditakwera pampando, pazenera,
foni m'mwamba, ngati wopempha mvula.

Magetsi thi!
Jenereta ikhosomola kawiri, kachitatu ivomera.

Koma pali nkhani zina zopanda mulu.
Tikukwera chitunda cha ku Eriya Fili,
Lufeyo wandiuza osatembenuka, mawu akuthawa ndi mphepo,
kuti mkazi wake wachira usiku ku Bwaila,
mapasa,
wina akulira bwinobwino, wina akupumira makina.
Sanachedwe ngakhale pang'ono kudzanditenga.
Ndamuwonjezera chikwi, wachipinda kanayi
n'kuchilowetsa m'sokosi osachiyang'ana.
Ndiike pati imeneyi?
Pa zamakono, poti pali makina?
Pa malonda, poti bambo wa mapasa ali pamsewu folo koloko?
Kapena pa ndale, poti jenereta ya kumeneko
nayonso imamwa mafuta omwe aja ali m'njira?

"Atsala masekondi khumi ndi awiri," atero a Msampha.
"Ikapo mtengo wa fodya ku Kanengo."
Ndaikapo mtengo wa fodya.

Sikisi koloko. Nyali yofiira yayaka.
Mawu anga atuluka m'kamwa mwa Tiyese Chafukira,
osalala, ositidwa, ovala tayi,
alowa m'minibasi za ku Twente Faifi,
m'saluni ya ku Biwi imene akungoitsekula kumene,
m'foni ya mlonda wa ku Eriya Teni amene mnzake wachedwa,
m'kawailesi ka bambo anga komanga ndi mphira.
Iwo masana akauza anzawo a bawo,
"Za lero zija waphika ndi mwana wanga,"
ndipo anzawo akandiyang'ana m'cheza ndikamabwerera
ngati kwacha ndinaikankha ndine.

Mphindi zitatu zakwana. Dziko latha.
Walowa wotsatsa sopo, akuseka yekha.
Tiyese avula zam'makutu, afunsa ngati mandasi afika.
A Msampha ayamba kale kunola cholembera cha mawa.

Foni yanga injenjemera patebulo,
netiweki yaikumbukira yokha popanda kukwera mpando.
Ndi Lufeyo.
"Wayamba kuyamwa."

Mawu awiri.
Ngakhale a Msampha sakanapeza podula.

Ndalowa m'situdiyo mopanda munthu,
ndakhala pampando wa Tiyese, ukadali wofunda.
Nyali yazima, maikolofoni agona.
Ndakonza kukhosi monga amachitira iye,
ndawerenga pang'onopang'ono, kawiri,
kenako ndatchula dzina la wailesi yathu
ndi nthawi.