Belu Lomaliza ku Chiatura

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndakhala pa kampando aka,
dzanja pa chitsulo, diso pa chingwe,
kukweza anthu m'ngolo yolendewera
kuchokera m'chigwa kukafika pamwamba pa thanthwe.
Pansipo mtsinje wa Kvirila ukuyenda uli bii,
madzi otsuka miyala ya m'migodi sayera.

Lero belu lomaliza lalira kusekondale.
Abwera phokoso lili patsogolo,
malaya oyera adzaza zolembalemba,
aliyense wasaina pamsana pa mnzake.
Ndinayamba kuwakweza mamina ali pamphuno,
zikwama zikuwamenya m'miyendo.
Taonani Ushangi lero, ndevu zamera,
polowa m'ngolomu mpaka awerame.

Mzia ndiye sakuyang'ananso kumbuyo.
Azakhali ake manja anatha ndi moto wa uvuni,
iye wati buledi ndiziphika ndine,
ndipo wapangana kale ndi ashopu awiri.
Zaza akutsikira kumgodi Lolemba,
chipewa cha nyali anabwereka kwa amalume.
Gocha akungoseka.
Ati iye za timwayi tating'ono ayi,
akudikira waukulu, wobwera pa galimoto.

Tekla wandikokera pakona,
kalata yopinda kanayi ili nyowe ndi thukuta.
Ku Kutaisi akufuna oti aphunzire zamagetsi,
malo ndi khumi okha,
kulemba mayina atseka Lachisanu.
Akuti, Mayi Eteri, ndiyambe ndaganiza,
mwina chaka chamawa,
chifuwa cha bambo chikachitako bwino.

Ine phee.
Ndayang'ana chingwe ngati chavuta.

Yanganso inabwera, mu envelopu ya khaki,
sukulu ya unamwino ku Tbilisi.
Ndinaitsindira ndi botolo la uchi
n'kunena kuti ndipita tikathyola mphesa.
Mphesa tinathyola, vinyo tinamwa,
chisanu chinatseka msewu,
kenako ukwati, kenako mwana, kenako maliro.
Zengerezu analinda kwawukwawu.
Kalatayo ikadalipo m'kabati,
njenjete zinayambira kudya pa dzina langa.

Sindikuti moyo wanga unatayika, ayi.
Ndimadziwa chifuwa cha munthu aliyense m'tauni ino,
ndimadziwa amene wayambana ndi mkazi wake
pongoona mmene wagwirira chitsulo.
Koma usiku wina ndimalota nditavala zoyera,
ndikuyenda m'khonde lalitali lonunkhira mankhwala,
ndipo ndikadzuka manja anga amanunkha girizi.

Chitseko cha ngoloyi chimatseguka mphindi imodzi.
Ndawaona ambiri akumanga zingwe za nsapato,
ena akutsazikabe, ena akufunsa ngati chingwecho n'cholimba.
Ndimawauza kuti ina ibwera.
Pano imabweradi.
Kwinako sindikulonjeza.

Tadutsa pamwamba pa madenga a dzimbiri,
ngolo yagwedera, atsikana akuwa mwadala
monga ankachitira ali aang'ono.
Tekla yekha sanakuwe.
Maso ali pa kazenera ka nyumba yawo
pomwe bambo ake amakhala ndi bulangete m'miyendo.

Tafika. Ndatsegula.
Onse thamangani thamangani, maluwa kugwera pansi,
iye watsala, wandipatsa cholembera,
watembenuka kuti nanenso ndisaine.
Pamsana ponse padzaza timitima ndi mayina a anyamata,
malo otsala ndi pansi pa kolala.

Ndalemba liwu limodzi: Lachisanu.

Ndamunong'oneza kuti minibasi yoyamba inyamuka seveni koloko,
mankhwala a bambo ako undisonyeze pomwe amakhala,
ine ndimaweruka madzulo, njira yanga ndi yomweyo.
Wafuna kuyankha, koma belu langa lalira,
kumunsi kuli anthu akudikira.

Ndatseka chitseko. Ngolo yatsika.
Ndamuona akuchepa, akuchepa,
akupotokola khosi kuti awerenge pamsana pake.