Pansanjika Yachinayi, ku Huaqiangbei

Nie Zhuo wabwera nalo atalikulunga m'juzi,
ngati mwana wotentha thupi,
n'kulitula pa tebulo langa ndi manja awiri.
Khadi la zithunzi, lolemera kuposa njerwa,
kutalika kwake kuchokera pa chigongono changa kufika pa dzanja.
Mafani atatu, onse ali duu.

"Ndinagula kwa munthu wa ku Chengdu," akutero.
"Anati linali la mwana wa sukulu,
ankaliyatsa Loweruka lokha."
Sindikumuyankha.
Ndikumasula masikuluwu khumi ndi anayi
n'kuwaika m'chivindikiro cha botolo langa la tiyi.

Bokosi wabwera nalonso, poti mwina lingachitire umboni.
Pamenepo analemba ndi zilembo zagolide:
memori ya magigabayiti 24,
mawati 450,
zithunzi 140 pa sekondi iliyonse,
cheza chilichonse cha kuwala
kuchilondola mpaka pomwe chagwera.
Bokosi silinama ayi.
Limangonena za tsiku lomwe khadilo linabadwa.

Zinazo ndimawerenga ndekha ndikavundukula.
Phala loziziritsira lauma, lang'aluka gwaa.
Fumbi lamanga nsanza pakati pa timapaipi ta mkuwa.
Bolodi lachita chikasu mozungulira memori
ngati mano a munthu wosuta.
Palibe mwana wa sukulu apa, m'bale wanga.
Ili lakhala m'shedi ndi anzake mazana,
kukumba ndalama zosagwirika,
usana ndi usiku, zaka ziwiri mwina zitatu,
osazimitsidwa ngakhale pa Chaka Chatsopano.

Pansi pa maikulosikopu dziko ndi lina.
Timipira ta mtovu tandandalika m'mizere,
tating'ono kuposa mazira a nsabwe,
ndipo kumzere wachitatu kuchokera kumanzere
kamodzi kathetheka.
Kamodzi kokha.
Chinthu cha mtengo wa malipiro ake a miyezi iwiri
chagwada chifukwa cha kadontho
komwe sungakaone ndi diso lamaliseche.

Ndikuuzira mpweya wamoto pang'onopang'ono.
Ukapupuluma bolodi limapindika,
anandiphunzitsa malemu a Pang
pondimenya zala ndi chogwirira cha bulashi.
Fungo la utomoni likukwera.
Kuseri kwa katani, Luo Xiuying akukangana ndi kasitomala
pa nkhani ya batire la foni.
Ine ndaleka kupuma
mpaka chipu chitakhala pamalo pake chokha,
kunjenjemera pang'ono, kenaka phee.

Tayatsa.
Fani yoyamba, yachiwiri. Yachitatu yazengereza, nayo yatsatira.
Pa sikirini pabwera msewu wa mumzinda wopeka,
mvula ikugwa, nyale zikuonekera m'zithaphwi,
dontho lililonse ndi mthunzi wake.
Pakona manambala akuthamanga:
madigiri 61, 68, 74,
aima.
Zithunzi 118.

"Bokosi likuti 140," akutero Nie Zhuo.
Ndalichepetsera chakudya, ndikumuuza,
mawati 380 basi, lisapsenso mtima.
Ukafuna 140 ulipeza, koma ubweranso mwezi wamawa.
Iweyo utagwira ntchito zaka zitatu osagona
ungathamange ngati kale?
Waseka, koma maso ake ndi ofiira.
Akuti amajambula nyumba zomwe sizinamangidwe,
abwana akufuna nsanja yonse ya magalasi mawa m'mawa,
dzuwa likuwala pa zenera lililonse.

Ine sindinaseweretsepo khadi ngati ili.
Ndimadziwa msewu wa mvula womwewu basi,
mphindi zitatu, kubwereza kakhumi pa tsiku,
ndipo sindinafikepo kumapeto kwake.

Walipira pa foni, mayuwani 600,
walikulunganso m'juzi muja,
masitepe oyenda okha am'meza.
Ndikatenga botolo kuti ndimwe tiyi wozizira,
m'chivindikiro mwatsala sikuluwu imodzi.
Ndaitembenuza ndi chala.
Ndi ya kumbuyo, pafupi ndi pakona, siigwira kanthu kolemera.
Ndaiponya m'chitini momwe muli zinzake
ndipo wotsatira waika kale lake pa tebulo,
lonunkha pulasitiki wopsa.