Chipulula cha pa Lizulu

Ndinabwera ndi funso limodzi lokha,
nditalilemba pakapepala m'thumba la malaya:
mlatho uja unapita ndi madzi,
kachewere wathu awolokera pati?

Ndinakweza mkono.
Chimkuzamawu chinali kwa Gwazani,
mnyamata wosadziwa mtengo wa fetereza
koma kukhosi ngati hutala ya basi.
Anakuwa mpaka akhwangwala kuthawa m'mibulugamu.
Mkono unachita dzanzi. Ndinautsitsa.

Kuseri kwa nsanja kunaima galimoto ya magalasi akuda.
Mwini wake sanatsike.
Akuti ndiye anagula petulo, zitenje,
ndi mpando womwe phungu adzakhalire.
Sanatsegule pakamwa,
koma tonse tinamumva.

Atati tiime kumbuyo kwa amene tikumufuna
mzere unakhotera kunali maenvulopu.
Nanenso ndinakhota, ndisaname.
Tiyesere wanga analibe nsapato za kusukulu.

Phula linabweradi.
Linathera pageti la bwana uja.
Ife tikuwolokabe ndi matumba pamutu,
madzi m'chiuno, miyala ikuterera.

Kapepala kaja mkazi wanga anakachapira m'malaya.
Anandipatsa kali phala,
nkundifunsa ngati kanali kofunika.