Kachitsulo ka Zakeyu

Tidapangana mtengo pa depoti ya Kasungu,
pakati pa utsi wa chiwaya ndi kukuwa kwa oitanira:
mafuta agula yekha, njinga yamoto ndi yanga,
pakamwa panga ndi pake mpaka madzulo.
Mlendo mmodzi basi, Mwandida, namwino wa ku Zomba,
wa nsapato zoyera zosadziwa chisoso.

Ine ndine Lufeyo. Ndidaphunzira mbiri yakale,
ntchito ya choko idandizemba,
ndiye ndimagulitsa dzana kwa odutsa.

Tidayamba ndi phiri.
Ndidati: taonani m'mapangamo,
anthu ankakwera usiku, mbuzi atazimanga pakamwa,
zishango zikagunda kuchigwa.
Mayi ankatseka kulira kwa mwana ndi bere,
ngakhale bere louma.
Iye adangogwedeza mutu. Sadajambule.

Tidalowera kumadzulo, fumbi m'mano,
minda ya fodya, zigafa, kenako mombo wokhawokha.
Mlonda wa nkhalango adatsogola, mfuti paphewa,
mpaka pa ng'anjo,
chulu choumbidwa ndi manja,
chong'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe.
Pano mwala unkasanduka khasu, ndidatero,
mvukuto ikupuma wefuwefu mpaka tambala,
amuna atasala akazi awo
kuti chitsulo chisapite padera.
Zaka zingati? adafunsa.
Mazana. Azungu ndimawapatsa nambala
poti amakonda kulemba,
koma inu sindikunamizani: sindidziwa.

Adatola ndowe ya chitsulo, yakuda bii, ya mabowomabowo,
adaiyeza m'dzanja,
naibweza m'kadzenje kake komwe.

Pa linga lakale padatsala mzere wa dothi,
umayamba wapunthwa usanauone.
Tidakhala pamenepo kudya mtedza,
ndipo adamasula mfundo ya mpango.
Kachitsulo kozungulira, kabowo pamwamba,
manambala anayi, yachitatu yofufutika.

"Zakeyu Kampanje, agogo awo a mayi anga.
Adawagwira m'mudzi wina konkuno, nkhondo ya Ajeremani,
kukasenza mabokosi a zipolopolo kumpoto.
Kadabwerako ndi aka kokha, m'thumba la mnzawo.
Ndionetseni pomwe adadutsa."

Ine wa pakamwa posauma
malovu adandithera.
Ndimaloweza mayina a omwe adamanga boma,
mwezi womwe mzinga udalira,
koma amtengatenga
mabuku adawawerenga ngati matumba a mchere:
onyamuka akuti, otayika akuti.

Ndikadangoloza mkuyu uliwonse.
Ndidachitapo kale zimenezo,
mpaka adandiwonjezera ya sopo.
Koma ameneyu amagwira mitsempha ya odwala tsiku ndi tsiku,
bodza akadalimva likugunda.

Ndidaliza njinga, kubwerera kutauni,
kukwera ndi msewu wa ku Mzimba.
Tisanafike pa mlatho wa Dwangwa ndidazimitsa.
Manda sindiwadziwa, ndidatero.
Kumpoto ndi uku. Njira ya mapazi mwina idali apa,
mwina tsidya ilo, mwina pansi pa phulali.

Adavula nsapato zija, nandipatsa.

Kutsogolo kunkapita mayi wina, thumba la makala pamutu,
mwana kumbuyo, khosi litamira m'mapewa.
Sindidamve zomwe adakambirana,
ndidangoona mayiyo akuseka, akukana, akusekanso,
kenako akumukonzera nkhata.

Adasenza. Mawondo adanjenjemera kaye.
Mapazi khumi, makumi awiri,
malole a fodya akumuomba mphepo,
ine pambuyo ndikukankha njinga ngati wopepesa maliro.
Adafika pa mlatho, natula,
nkhope yonse mwaye, thukuta litalembamo tinjira.

"Kuchoka pano kukafika ku Karonga ndi masiku angati?"
Sindidayankhe. Sankafunsa ine.

Adalipira zonse, osadula.
Kachitsulo adakabweza m'mpango.

Lero alendo anga ndimawaonetsa phiri, ng'anjo, linga,
kenako ndimaima pamenepo, pambali pa msewu.
Amayang'ana uku ndi uku, kamera m'manja:
Nanga pano pali chiyani?
Ndimati palibe.
Tsikani, muyendeko pang'ono.