Dzina Lachiwiri

Ine anangondilemba ganyu yonyamula katundu:
matabwa awiri, lamba wachikopa,
ndi mtolo wa nyuzipepala zakale za ku Kunming.
Mayi Mu Lanfen ankatsogola, ndodo m'manja,
akupuma mwawefuwefu ngati mvukuto,
poti kumtunda kuno, pamwamba pa mtsinje wa Lancang,
mpweya amaugawa ndi dzanja louma.

Tsiku lachisanu ndi chinayi nkhungu inang'ambika pang'ono.
Iwo anangoti khu! maondo pamiyala.
Ndinkayesa akomoka.
Kakombo, wamfupi wosafika m'bondo,
mutu atazyolika ngati mwana wolakwa,
kunja chikasu chofwifwa,
m'kati madontho ngati wina wawazamo magazi.

Anawerenga timasamba ta duwalo: tisanu ndi kamodzi.
Anayeza ndi rula, nalemba, nayezanso.
Mungu unawadetsa mphuno iwo osadziwa.
"Phuntsok, m'mabuku onse ameneyu mulibe."
Ndinati bambo anga ankamutcha belu la mbusa wosochera,
ndipo chaka chimene barele anapsa ndi chisanu
tinakumba mitu yake
n'kuiwiritsa kawiri kuti kuwawa kuchoke.
Analemba zimenezonso, m'mphepete, ndi pensulo.

Tinazula mmodzi yekha.
Ndinam'goneka ndine pakati pa mapepala,
pa nkhani ya kukwera mtengo kwa nyama ya nkhumba,
n'kukoka lamba mpaka matabwa analira.

Zaka zitatu, zii.
Akuti ankamuyerekeza ndi abale ake ouma
a m'makabati a kumayiko akutali,
kufunsa ubweya wa patsinde, kufunsa njere,
ngati mlandu wa mwana wokanidwa.

Lero kalata yabwera pa basi ya ku Deqin.
Dzinalo ndi la Chilatini, mawu awiri,
lachiwirilo akuti ndi la bambo anga
atalisokerera mchira.
Mwana wanga wandiwerengera katatu,
lilime langa lakana.
M'munsi mwake Mayi Mu alemba pamanja:
malo sindinawatchule, nawenso usawatchule,
ogula mitu ya maluwa nawo amadziwa kuwerenga.

Ndiye mawa ndikwera ndi ng'ombe zanga zaubweya.
Ndikadutsa pamiyala paja osacheuka,
ndikuimba mluzu
ngati munthu wosadziwa kanthu.